Mukathimitsa antivayirasi kuti crack ilowe, chimalowa n'chiyani?

Pafupifupi pulogalamu iliyonse yobedwa, yothyoledwa kuti igwire ntchito osalipira, imene amati ya crack, imabwera ndi kafayilo ka malangizo, ndipo malangizowo amafanana kulikonse: chotsani intaneti, thimitsani antivayirasi, tsegulani fayilo iyi ngati administrator, kompyuta ikakufunsani dinani Yes. Anyamata okonza makompyuta pa Dedza boma, pa Linthipe kapena pa Lizulu anawaloweza kalekale moti sawerenganso, manja amangopita okha. Ndipo nthawi zambiri zinthu zimayendadi. Photoshop imatseguka, Office imasiya kudandaula za layisensi, FL Studio imayamba kulira, kasitomala amalipira n'kunyamula laputopu yake akumwetulira.

Vuto lagona pa malangizo omwewo. Zili ngati mlendo amene simukumudziwa wafika usiku n'kunena kuti mangirirani galu, zimitsani nyale, ndipatseni makiyi a zipinda zonse, ndikufuna ndikukonzereni wailesi. Mwina ndi wokonza mawailesi weniweni. Koma ngakhale atakhala wakuba, wailesiyo aikonza ndithu, kuti m'mawa musamukayikire.

Sindiyamba ndi ulaliki wakuti kuba n'tchimo. Ambiri amene amagwiritsa ntchito mapulogalamu amenewa kuno ndi anthu amene mtengo unawakanika. Mapulogalamu amagulitsidwa pa madola, pamene kwacha yathu inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023. Ngakhale ndalamayo mutakhala nayo, pamafunika khadi la ku banki lololedwa kugulira zinthu kunja, m'dziko limene ndalama zakunja zimasowa. Adobe nayo kuyambira 2013 inasiya kutulutsa Photoshop yoti mugule kamodzi ikhale yanu. Mumalipira mwezi ndi mwezi, mukasiya imatsekeka. Mnyamata wopanga makadi a ukwati ndi zikwangwani za mashopu akamva mtengo wake amangoseka. Ndiye m'malo mosakana wolakwa, tione chimene chimachitika m'kati mwa makina munthu akadina Yes uja.

Crack imachita chiyani kwenikweni

Pulogalamu yogulitsa imakhala ndi kagawo kamene ntchito yake n'kufunsa ngati mwalipira. Kagawoka kamayang'ana nambala ya layisensi, nthawi zina n'kukatsimikiza ku makompyuta a kampani kudzera pa intaneti. Wothyola pulogalamu mwina amasintha m'kati mwake kuti funsolo lisamafunsidwe, mwina amapanga kapulogalamu kotulutsa manambala abodza kamene amati keygen, mwinanso amainamiza kuti yalankhula ndi kampani pamene yalankhula ndi chinthu china. Njira yomalizayi ndi imene KMSpico imagwiritsa ntchito poakitiveta Windows ndi Office. Microsoft inakonza njira yotchedwa KMS kuti mabungwe akuluakulu, monga mabanki ndi mayunivesite, aziakitiveta makompyuta awo mazanamazana kudzera pa kompyuta imodzi ya bungwelo, ndipo chilolezocho chimayenera kutsitsimutsidwa pasanathe masiku 180. KMSpico imamanga kompyuta yabodza yoteroyo m'kati mwa laputopu yanu momwemo, n'kudzikonzera kuti izidzuka yokha nthawi ndi nthawi chilolezo chisanathe. Ndiye kuti pulogalamu ya munthu wosadziwika yakhazikika pakatikati pa Windows, ili ndi mphamvu zonse, ndipo sikufunikanso kukupemphani kanthu.

Pulogalamu yochokera kwa eni ake imakhala ndi siginecha ya pakompyuta, imene Windows imaiyang'ana n'kutsimikiza kuti fayiloyo sinakhudzidwe chichokereni ku kampani. Mukasintha ngakhale kachidutswa kamodzi, siginecha ija imafa. Fayilo yothyoledwa ndi yosinthidwa kale, choncho palibenso chokuuzani ngati anangochotsa kagawo ka layisensi kapena anawonjezeramo zina.

Msampha weniweni uli apa. Antivayirasi imakuwa ikaona crack, yoipa ndi yosaipa yomwe, chifukwa zochita za crack n'zofanana ndi za vayirasi: kusintha mafayilo a pulogalamu ina, kulowa m'malo otetezedwa, kudzibisa. Tekinishani akamati "imangokuwa chabe iyo, mulibe kanthu umu," nthawi zina amanena zoona. Koma poyang'ana kunja, iyeyo kapena inuyo simungasiyanitse kukuwa kwachabe ndi kwenikweni. Anthu atazolowera kuthimitsa antivayirasi, opanga mavayirasi anapeza njira imene mwini kompyuta amawalambulira yekha.

Gulu limene linathyola pulogalamuyo poyamba mwina silinaikemo choipa chilichonse. Ena amangofuna kutchuka. Koma fayilo imene yafika kwa inu yadutsa m'manja ambiri, ndipo aliyense akanatha kuimasula, kuikamo zake, n'kuimanganso. Mukalemba pa Google dzina la pulogalamu n'kuwonjezera free download kapena full crack, masamba ambiri amene amabwera pamwamba anakonzedwera ntchito imeneyi. Pa YouTube pali mavidiyo osonyeza kaikidwe kake, linki ili m'munsi, ndipo ambiri amaikidwa pa matchanelo amene nawonso anabedwa. Zizindikiro ziwiri zimaonekaoneka. Fayilo imabwera mu zip kapena rar yokhala ndi pasiwedi yachibwana ngati 1234, yolembedwa poyera pa tsamba lomwelo. Pasiwedi imene aliyense akuiona sibisira munthu kanthu; ntchito yake n'kuletsa antivayirasi ndi browser kusuzumira m'kati pamene fayilo ikutsika. Chinanso, kazip ka mamegabaiti ochepa mukakamasula kamatulutsa fayilo ya mamegabaiti mazanamazana. Anaifufumitsa dala ndi maziro, podziwa kuti zida zambiri zofufuzira mavayirasi zimadumpha mafayilo aakulu kwambiri.

Mu 2021 kampani ya Red Canary inalemba za KMSpico imene inanyamula vayirasi yoba mapasiwedi yotchedwa CryptBot. Kuchenjera kwake kunali kwakuti KMSpico yeniyeni nayo inkaikidwa. Windows inkaakitivetedwa bwinobwino, mawu odandaula aja n'kuchoka pa sikirini, mwini wake n'kukhutira kuti wapeza yabwino. Crack kugwira ntchito si umboni wa chilichonse.

Ubale wa mavayirasi ndi mapulogalamu okopera ndi wakale ndithu. Vayirasi yoyamba kufala pa makompyuta a mtundu wa IBM PC, yotchedwa Brain, inalembedwa mu 1986 ku Lahore, Pakistan, ndi abale awiri, Basit ndi Amjad Farooq Alvi, amene ankati akulimbana ndi anthu okopera mapulogalamu awo. Analembamo ngakhale adiresi ndi manambala awo a foni. A masiku ano salemba adiresi, ndipo chimene akufuna ndi ndalama.

Zimene zimalowa

Yodziwika msanga ndi ransomware, imene imatseka mafayilo n'kufuna dipo. Mtundu umene wazunza kwambiri anthu wamba ndi STOP, umene umatchedwanso Djvu, ndipo kuyambira 2018 wakhala ukufala makamaka kudzera m'ma crack, ma keygen ndi ma activator. Ikalowa imayenda m'mafoda onse, zikalata, zithunzi, nyimbo ndi mavidiyo n'kusiya kutseguka. Dzina la fayilo iliyonse limamera kamchira, kawirikawiri ka zilembo zinayi zopanda tanthauzo, ndipo m'mafoda mumapezeka kakalata kotchedwa _readme.txt. Kwa zaka zingapo kakalatako kankatchula mtengo umodzimodzi: madola 980, koma mukawalembera pasanathe maola 72, madola 490.

Ambiri amathamangira kukafomatitsa, poganiza kuti vayirasi ikachoka mafayilo abwerera. Sabwerera. Anakhomedwa ndi masamu, ndipo kiyi ali kwa wakubayo. Pali kampata kamodzi kokha. Ngati pa nthawi imene vayirasi inkagwira ntchito inalephera kulumikizana ndi eni ake, mwina netiweki inathawa kapena bandulo inatha, imagwiritsa ntchito kiyi amene inabwera naye, wofanana kwa onse ogwidwa ndi mtundu umenewo. Kampani ya Emsisoft inatulutsa chida chaulere mu 2019 chimene chimatsegula ena mwa mafayilo oterewa, ndipo tsamba la No More Ransom, limene Europol, bungwe la apolisi a ku Ulaya, ndi apolisi a ku Netherlands anayambitsa mu 2016 pamodzi ndi makampani a antivayirasi, limasunga zida zina zotere. Kuno kumene netiweki imabwera n'kumapita, mwayi umenewu ulipo, choncho mafayilo otsekedwa musawafufute, akopereni penapake. Koma ngati vayirasi inapeza intaneti, kiyi wanu ndi wa inu nokha, ndipo palibe tekinishani pa Dedza, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg amene angawatsegule. Wina akakulonjezani, ndalama yanu ikhale m'thumba.

Zotayika zake timazidziwa: zithunzi za ukwati zimene wojambula anali asanapereke kwa eni ake, kafukufuku wa mphunzitsi amene akuwonjezera maphunziro, mayeso a teremu ndi mamakisi a sukulu yonse, kaundula wa ngongole wa gulu la alimi a mbatata, nyimbo za kwaya zimene zinali zisanatuluke mu situdiyo. Dziko lonse linamva za dipo la mtunduwu mu February 2024, pamene Lazarus Chakwera, yemwe anali Pulezidenti pa nthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina a mapasipoti alowereredwa ndi anthu ofuna ndalama, ndipo kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo. Boma limakhala ndi kothawira. Wojambula zithunzi pa Bembeke alibe.

Komabe ine ndimaopa kwambiri vayirasi imene sidziwitsa kuti yafika. Mitundu monga RedLine, Raccoon, Vidar ndi Lumma imamaliza ntchito yake m'kanthawi kochepa zedi. Imatsegula pamene Chrome, Edge kapena Firefox imasungira mapasiwedi n'kutenga onse, imatenga manambala a makadi a banki amene munalola browser kukumbukira, imajambula sikirini, imatola zikalata za pa desktop, kenako imatumiza zonse m'phukusi limodzi, nthawi zina n'kudzifufuta yokha. Mukadzayatsanso antivayirasi madzulo sipeza kanthu.

Chamtengo wapatali m'phukusimo ndi ma cookie. Mukalowa pa Facebook kapena Gmail, tsambalo limasiya kachizindikiro mu browser kuti mawa lisakufunseninso pasiwedi. Amene waba kachizindikiroko amakaika pa kompyuta yake n'kulowa ngati inuyo, osafunsidwa pasiwedi, ndipo nthawi zambiri osafunsidwanso nambala ija imabwera pa SMS.

Wina afunsa kuti, ndani angataye nthawi ndi Facebook ya munthu wa ku Mayani? Palibe amene anakusankhani. Mapulogalamu obawa amabwereketsedwa pamwezi kwa aliyense wofuna, ndipo maphukusi amagulitsidwa mwaunyinji pa misika yobisika ndi pa Telegram. Microsoft inanena kuti kuyambira pa 16 March mpaka pa 16 May 2025 inapeza makompyuta a Windows oposa 394,000 padziko lonse atagwidwa ndi Lumma yokha. Ogula amasankha chowathandiza. Wina amatenga akaunti yanu n'kuyamba kulembera abale anu a ku Joni ndi anzanu a kutchalitchi kuti mwagwa m'mavuto, atumize kangachepe pa nambala yakutiyakuti. Wina amatenga tsamba la bizinesi kuti aziulutsirapo malonda achinyengo. Wina amafuna imelo, chifukwa wogwira imelo amatha kusintha mapasiwedi a zina zonse. Ndipo makompyuta athu kawirikawiri si a munthu mmodzi. Ya pa shopu yotayipira ndi kupanga fotokope imalowedwa ndi ana ofunsira malo ku koleji, aphunzitsi, ofunafuna ntchito, aliyense kusiyamo zake. Laputopu imene mayi amalowera nayo m'makaundula a ku ofesi masana, madzulo mwana amaikamo FIFA ya crack.

Mtundu wachitatu umaba mphamvu ya makina. Mu 2021 kampani ya Avast inafotokoza za Crackonosh, imene inkabisala m'magemu a crack monga Grand Theft Auto V, Far Cry 5 ndi Pro Evolution Soccer 2018. Inkadikira kaye kuti kompyuta izimitsidwe ndi kuyatsidwa kangapo, kenako n'kuilowetsa mu Safe Mode, mmene antivayirasi sigwira ntchito, n'kuichotsa, kuthimitsa Windows Update, n'kusiya kachizindikiro kabodza ka chitetezo pakona. Ikatero inkayamba kugwiritsa ntchito mphamvu ya kompyutayo kukumba ndalama ya pa intaneti yotchedwa Monero. Avast inawerenga makompyuta oposa 222,000, n'kunena kuti eni vayirasiyo anali atapeza madola oposa 2 miliyoni. Laputopu ikamatentha, fani ikulira, mu June pa Dedza inu mutavala majuzi awiri ndipo simunatsegule pulogalamu iliyonse, kayikirani kuti ikugwirira ntchito munthu wina. Batire imatha msanga, sola imene inkakwana mpaka usiku imathera madzulo. Ina mwa mavayirasiwa imaima mukangotsegula Task Manager, n'kuyambiranso mukatseka.

Kuno zimayenda pamanja

Zonsezi zingamveke ngati nkhani ya anthu a intaneti yambiri. Kwathu kuno bandulo ndi yodula, ndipo ndi ochepa amene amatsitsa okha pulogalamu ya magigabaiti atatu. Tekinishani aliyense ali ndi hadi disiki yake yokhala ndi foda ya ma setup, mafayilo oikira mapulogalamu: ina anapatsidwa ndi mnzake wa ku Lilongwe, ina anakopera ali ku koleji, ina sakumbukanso kumene inachokera. Hadi disiki imeneyo imalowa m'kompyuta iliyonse yobwera kudzakonzedwa, ndipo yobwera kudzakonzedwa kawirikawiri imakhala yodwala kale. Pali mavayirasi akale monga Sality ndi Virut amene amadziphatika pa mafayilo a .exe amene awapeza. Setup ya VLC yabwinobwino ikalowa m'kompyuta yoteroyo imatuluka itatenga, ndipo kuyambira pamenepo laputopu iliyonse yofomatidwa pa shopupo imabwerera kwa mwini wake ili nayo kale vayirasi. N'chifukwa chake mumamva anthu akudandaula kuti ndangofomatitsa sabata yatha, bwanji zayambiranso.

Imene pafupifupi aliyense anakumana nayo ndi ya ma shortcut. Mumapereka fulashi kapena memori kwa obena nyimbo pamsika, kapena mumapita kukapulinta, pobwera mafoda onse ali ndi kamuvi pakona. Mafayilo anu sanafufutidwe. Vayirasi yawabisa, n'kuika m'malo mwake tizithunzi tofanana nawo mayina. Mukadina kamodzi, kamayamba kadzutsa vayirasi, kenako n'kukutsegulirani foda yeniyeni kuti musazindikire. Kale Windows inkatsegula yokha pulogalamu ya mu fulashi ikangolowetsedwa. Microsoft inaletsa zimenezi kuyambira pa Windows 7, ndiye opanga mavayirasi anasamukira ku njira yoti inuyo mudine nokha. Musadine shortcut iliyonse ya mu fulashi. Isikaneni kaye ndi antivayirasi, kenako mu Command Prompt lembani chilembo cha fulashiyo, mwachitsanzo E: n'kudina Enter, ndiyeno attrib -h -r -s /s /d *.* ndipo zobisika zija zionekanso. Koperani zanu zokha, fulashiyo muifomate.

Zoti kompyuta yanga silowa pa intaneti zisakupatseni tulo. Vayirasi ya Stuxnet, imene inatulukiridwa mu 2010 itawononga makina a nyukiliya ku Natanz m'dziko la Iran, inapangidwa kuti izitha kuyenda pa mafulashi, chifukwa makinawo sanali pa intaneti.

Chinanso chimene chimafera pa crack ndi ma update. Atekinishani ambiri amawathimitsa pa zifukwa zomveka: amadya bandulo, ndipo nthawi zina amagwetsa crack. Palinso ma Windows osinthidwa, otchedwa Lite kapena Super Lite, okondedwa chifukwa amathamanga pa laputopu zakale. Amathamanga chifukwa wina anachotsamo zinthu, kawirikawiri kuphatikizapo antivayirasi ya Defender ndi Windows Update, ndipo zimene anaikamo akudziwa yekha. Ma update ambiri ntchito yake n'kutseka mipata imene akuba atulukira. Pa 12 May 2017 ransomware yotchedwa WannaCry inayamba kufala, n'kugwira makompyuta oposa 200,000 m'mayiko pafupifupi 150, ntchito n'kuima m'zipatala zambiri za ku England. Mpata umene inkalowera Microsoft inali itautseka kale mu March chaka chomwecho. Ogwidwa anali amene sanalandire update imeneyo, ndipo sipankafunika kudina kalikonse, inkadumpha yokha kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina. Windows 7, imene idakapezekabe m'masukulu ndi m'mashopu, inasiya kulandira ma update pa 14 January 2020. Windows 10 nayo nthawi yake inatha pa 14 October 2025, pamene laputopu zambiri za kaunjika sizikwanitsa zimene Windows 11 imafuna.

Pa foni nkhani ndi yomweyo, kungoti ndalama ili pafupi kwambiri. GBWhatsApp, FMWhatsApp ndi YoWhatsApp anthu amapatsirana pa Xender kapena pa Bluetooth, chifukwa zimalola kuwerenga uthenga umene wina wafufuta ndi kubisa kuti muli pa intaneti. Zonsezi ndi WhatsApp yosinthidwa ndi anthu osadziwika. Mu 2021 kampani ya antivayirasi ya Kaspersky inapeza vayirasi ya Triada m'kope lina la FMWhatsApp, ndipo mu 2022 inaipezanso mu YoWhatsApp. Triada imatha kulembetsa foni ku zinthu zolipira zimene zimadya mayunitsi, kuwerenga ma SMS ndi kutsitsa mavayirasi ena. Foni imeneyo ndi yomwe muli Airtel Money, Mpamba kapena Mo626, ndipo manambala otsimikizira amafikira pa SMS pomwepo. Pulogalamu ya tochi kapena ya mafilimu aulere ikapempha chilolezo chowerenga ma SMS, kapena cha Accessibility chimene chimailola kuona ndi kudina chilichonse pa sikirini, ikanizeni.

Nanga tizigwiritsa ntchito chiyani?

Pa Windows ndi pamene ambiri amaika crack isakufunika n'komwe. Laputopu zambiri za HP, Dell ndi Lenovo zimene zimabwera zitagwirapo ntchito m'maofesi akunja, ngati zinagulitsidwa zili ndi Windows 10 kapena 11, layisensi yake inalembedwa m'kati mwa makina momwemo. Mukaika Windows yochokera pa tsamba la Microsoft, ya mtundu umene inabwera nawo, Home kapena Pro, imadziakitiveta yokha ikalumikizidwa pa intaneti. Ngakhale layisensi pasakhale, Windows yosaakitiveta imagwira ntchito. Imangoika mawu otuwa pakona ndi kukana kusintha mitundu ndi maonekedwe, koma ma update imalandira. Mawu otuwawo amanyansa m'maso, inde, koma sakuberani kanthu. Antivayirasi ya crack ndiye imandisowetsa chonena. Microsoft Defender imene imabwera ndi Windows ndi yaulere ndipo imakwanira kwa munthu wamba, bola isathimitsidwe.

Pa zolembalemba pali LibreOffice, imene imatsegula ndi kusunga mafayilo a Word, Excel ndi PowerPoint. Nthawi zina matebulo ndi masamba zimasuntha mukakatsegula chikalatacho mu Word, choncho chopita kukapulintidwa chisandutseni PDF. GIMP, Krita ndi Inkscape zimapanga zikwangwani ndi makadi, ngakhale amene manja ake anazolowera Photoshop ndi CorelDRAW adzadandaula masiku oyamba. Ojambula nyimbo ali ndi Audacity ndi LMMS, ma DJ ali ndi Mixxx, a mavidiyo Shotcut ndi Kdenlive, ndipo wophunzira amene akusakasaka SPSS ya crack angayese PSPP kapena jamovi. Laputopu yakale imene Windows 11 yaikana imatha kuyenda bwino ndi Linux Mint. Zonsezi n'zaulere mwalamulo, ndipo kukoperako mnzanu n'kololedwa, bola muzitenge pa masamba a eni ake.

Alipo amene sasiya, ndikudziwa. Wa situdiyo amene makasitomala ake amafuna mafayilo a Photoshop, kapena wojambula mapulani a nyumba pa AutoCAD, sasintha chifukwa chowerenga nkhani imodzi. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza mapulogalamu a kompyuta monga limatetezera nyimbo, ndipo imeneyo ndi nkhani ya iwo ndi lamulolo. Kumbali ya chitetezo, chochepetsetsa n'chakuti makina okhala ndi crack asamalowerepo pa imelo, pa Facebook kapena ku banki, ndipo ntchito ikatha izikoperedwa kwina tsiku lomwelo.

Kukopera kwake kukhale kwenikweni. Mafayilo amene mwawasamutsira pa drive D ya kompyuta yomweyo simunawasunge. Djvu imatseka C ndi D pamodzi, ndi hadi disiki iliyonse imene yalumikizidwa pa nthawiyo. Koperani, zulani chingwe, muiike m'kabati. Zikalata zofunika kwambiri zimakhala zazing'ono, ndipo Google imapereka magigabaiti 15 aulere pa akaunti iliyonse. Pokapulinta, tumizani PDF pa WhatsApp ya mwini shopu m'malo molowetsa fulashi, ndipo pa kompyuta yake musatsegule imelo yanu. Ngati fulashi n'njosapeweka, khalani ndi imodzi yoyendayenda yopanda kanthu kofunika. Ana apatseni akaunti yawoyawo yopanda mphamvu za administrator. Mu File Explorer yatsani kuti michira ya mafayilo izioneka, kuti chinthu chodzitcha Mayeso.pdf.exe chionekere poyera.

Zikachitika kale, ambiri amayamba ndi chimene chimayenera kukhala chomaliza. Chotsani kaye kompyutayo pa intaneti. Musasinthire mapasiwedi pa makina omwewo, atsopanowo nawo abedwa. Gwiritsani ntchito foni kapena kompyuta ina yabwino. Yambani ndi imelo, kenako banki ndi Facebook, ndipo paliponse fufuzani pamene pamati mutulutse zipangizo zonse zimene zalowa mu akauntiyo, chifukwa n'zimene zimapha ma cookie obedwa aja. Yatsaninso kuti polowa azifunsa nambala yachiwiri yotsimikizira. Ngati ndalama zasuntha, dziwitsani banki kapena kampani ya foni nthawi yomweyo, ndi apolisi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo ndi kufalitsa mavayirasi ndi milandu, ndipo ndi lomwe linakhazikitsa Malawi CERT, gulu lothandiza pa ziwembu za pa makompyuta, pansi pa MACRA. Kufomata kubwere pambuyo pa zonsezi, ndipo pobweza zinthu zanu bwezani zikalata, zithunzi ndi nyimbo zokha. Ma setup akale onse atsale.

Potenga laputopu kwa tekinishani, kaya mwagula kumene kaya mwakonzetsa, musachoke musanafunse kuti, "Achimwene, Windows iyi mwaitenga kuti, nanga mwaiakitiveta ndi chiyani?" Wodziwa ntchito yake sakwiya nalo funsoli. Kenako tsegulani Windows Security pamaso pake, muone ngati chitetezo chili choyaka, mulowe mu Virus & threat protection settings, mutsike mpaka pa Exclusions. Pamenepo pamalembedwa malo amene antivayirasi yauzidwa kuti isamayang'anemo, ndipo pa Windows yongoikidwa kumene payenera kukhala popanda kanthu. Mukapezapo foda ya dzina losadziwika, kapena drive C yonse, laputopuyo ibwerere pa tebulo, aikenso Windows kuchokera pa fulashi yopangidwa ndi Media Creation Tool ya Microsoft, inu muli pomwepo.